Lipoti la ntchito: mikombero itatu ya nyale mu holo yowerengera

Ntchito imene ndikufotokoza pano inanditengera miyezi isanu ndi iwiri, ndipo iwiri mwa miyezi imeneyi inapita padera chifukwa cha nzeru zanga zomwe. Ndalemba zonse, zolondola ndi zolakwika, kuti anzanga opanga nyale akadzapatsidwa ntchito yofanana nayo adziwe pamene ine ndinapunthwa.

Malo ake ndi pempho

Nyumbayo kale inali tchalitchi chaching'ono. Mpingo utasamukira kwina, bungwe lina linaigula n'kuisandutsa holo yowerengeramo mabuku masana, ndipo madzulo ena mumachitika zokambirana. M'litali ndi mamita 14, m'lifupi mamita 9. Denga lake ndi lopindika ngati uta, ndipo pakati penipeni limafika mamita 7.5 kuchokera pansi. Kumbuyo kuli khonde lam'mwamba pomwe kwaya inkaimbira. Khonde limeneli mulikumbukire, lidzabweranso.

Nditafika ndinapeza nyale zinayi zamphamvu, zoyera mbee, zokhomedwa pamwamba penipeni pa denga. Kamakina koyezera kuwala kanaonetsa ma lux 180 pa matebulo (lux ndi muyeso wa kuwala kofika pamalo), pomwe malo owerengera amafunika ma lux pafupifupi 500. Choipa kwambiri chinali chakuti munthu akaweramira buku, mutu wake womwe unkaponya mthunzi pa tsamba. Denga linkawala kuposa tebulo, ngati kuti mabuku ali kudengako.

Mayi woyang'anira malowo anandiuza mwachidule. "Amisiri, tikufuna nyale zolendewera zoti munthu akalowa adziwe kuti muno munkapemphereramo anthu. Koma zisaoneke ngati tazitola ku nyumba yosungira zinthu zakale. Ndipo owerenga athu ndi azipembedzo zosiyanasiyana, ena sapemphera n'komwe." Ndinavomera mofulumira kuposa mmene ndikanayenera.

Chitsanzo choyamba, chimene chinakanika

Maganizo anga anathamangira ku Pantheon ya ku Rome, kachisi amene anamalizidwa m'nthawi ya mfumu Hadrian ndipo anasanduka tchalitchi mu 609. Denga lake lobulungira ndi lotambalala mamita 43.3, ndipo pamwamba pali chibowo cha mamita pafupifupi 9 chimene chimalowetsa kuwala konse kwa m'nyumbamo. Mkati mwa dengalo muli timaenje ta makona anayi, mizere isanu, mzere uliwonse timaenje 28. Ndinati basi, nyale yanga ndi imeneyi. Ndinasula mbale ya mkuwa yobulungira ya masentimita 60, ndinaboola pamwamba chibowo cha masentimita 12 potsatira muyeso wa ku Rome, kenako ndinaboola timabowo 140 m'mizere isanu. Pa benchi ya mu shopu inali yokongola zedi. Ndinaijambula n'kutumiza chithunzi kwa mayi aja, iwonso anaikonda.

Tsiku loiyesa mu holo, tinaipachika mongoyembekezera ndi chingwe, tinaika babu laling'ono la LED loonekera mkati, n'kuzimitsa nyale zakale. Makoma onse anadzaza timadontho ta kuwala ta makona anayi. Aliyense anati eee. Kenako mnyamata wanga wophunzira ntchito anatsegula buku pa tebulo loyandikana, ndipo pa tsamba panagwa timabokosi titatu towala ndi mizere yamdima pakati. Anayesa kuwerenga chiganizo chimodzi, nati, "Abwana, apa maso angondilira." Atakweza mutu, babu linamuthobwa m'maso kudzera m'timabowo ta mzere wapansi.

Tinasintha n'kuika babu lalikulu la galasi loyera ngati mkaka. Madontho aja anasungunuka, kuthobwa kunachepa, koma nyaleyo inasanduka sefa wamba wovundikira. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wa ntchito yathu, kungoti ine ndinachinyalanyaza: gwero la kuwala likakhala laling'ono, mthunzi umatuluka wakuthwa, likakhala lalikulu, m'mphepete mwa mithunzi mumalowererana mpaka chithunzi chimatha. Choncho nyale yoboolaboola imakupatsa chimodzi mwa ziwiri, kaya chithunzi chokongola pakhoma chimene sungawerengere pansi pake, kapena kuwala kofewa kopanda chithunzi. Mu holo yodyera kapena pakhomo lolowera, choyambacho chimatheka. Pa tebulo lowerengera ayi.

Panalinso cholakwa china chachikulu, chimene ndinachizindikira mochedwa usiku ndikuyang'ananso zithunzi za Pantheon. Timaenje tija si mabowo. Ndi malo okumbidwa mu konkire kuti denga lipepuke, ndipo amaoneka bwino chifukwa kuwala kochokera pa chibowo cha pamwamba kumawagunda cham'mbali. Komanso munthu wa ku Pantheon amaima mkati mwa denga, kuwala kukumutsikira kuchokera kunja, n'kumayenda pakhoma pamene dzuwa likuyenda. Pa nyale yanga munthu anali kunja kwa denga ndipo kuwala kunali mkati. Ndinatenga maonekedwe a nyumbayo n'kutembenuza zonse zimene zimaichititsa kukhala yamoyo.

Kubwerera m'mbuyo: kodi iwo ankapachika bwanji nyale?

Apa ndinasiya kuyang'ana madenga n'kuyamba kufunsa mmene anthu a nyumba zimenezi ankaziunikira dzuwa likalowa. Funso limeneli ndi limene linapulumutsa ntchito.

Ku Hagia Sophia ku Istanbul, yomwe inamalizidwa ngati tchalitchi mu 537 mu ulamuliro wa mfumu Justinian, masana kuwala kumalowa pa mawindo 40 ozungulira tsinde la denga. Koma usiku ankatsitsa maunyolo aatali kuchokera m'mwamba, ndipo kumapeto kwake kunkakhala mbale zachitsulo zoboola, bowo lililonse likunyamula kagalasi ka mafuta ndi chingwe choyaka. Mizikiti ikuluikulu ya ufumu wa Ottoman wa ku Turkey inapitiriza njira imeneyi. Mu Süleymaniye, mzikiti wa ku Istanbul umene mmisiri Mimar Sinan anamanga pakati pa 1550 ndi 1557, mikombero ikuluikulu yachitsulo imalendewera pafupi kwambiri ndi mitu ya anthu ngakhale denga lili kutali m'mwamba. Kumpoto kwa Ulaya nakonso kuli zofanana. M'tchalitchi cha ku Hildesheim ku Germany muli mkombero wa bishopu Hezilo wa m'zaka za m'ma 1000, wotambalala mamita pafupifupi 6, wonyamula makandulo 72, wokhala ndi nsanja 12 ndi zipata 12 kuimira Yerusalemu wakumwamba. Ku Aachen, ku Germany komweko, kuli wina umene mfumu Frederick Barbarossa anapereka, wa makandulo 48, wopangidwa motsatira mbali zisanu ndi zitatu za nyumba imene ulimo.

Zipembedzo ziwiri, mayiko otalikirana, koma yankho limodzi: timalawi tambiri ting'onoting'ono, toikidwa mozungulira, topachikidwa pansi. Ndipo chifukwa chake choyamba sichinali chauzimu ayi. Lawi la mafuta ndi lofooka, ndipo kuwala kumachepa kanayi mtunda ukawirikiza kawiri, kotero nyale yopachikidwa kudenga sikanathandiza munthu wogwada pansi. Komanso wina ankayenera kuthira mafuta ndi kudula zingwe tsiku ndi tsiku. Koma kuchokera m'vuto limeneli munatuluka chinthu chimene aliyense wolowa m'nyumba zotere amachimva m'thupi. Mkombero wa nyale umakhala ngati denga lachiwiri, lofupika, la msinkhu wa munthu, pamene denga lenileni limatsalira m'kachisisira pamwamba. Munthu amakhala pamalo ofunda, koma amadziwa kuti pamwamba pake pali danga lalikulu.

Chimenechi n'chimene holo yathu inkasowa. Nyale zinayi zija zinkaonetsa ming'alu yonse ya pulasitala ya kudenga n'kusiya anthu m'mithunzi yawo.

Nkhani ya zilembo

Ndisanafike pa mkombero, ndinene za mkangano umodzi. Posankha maonekedwe a timagalasi, ndinaonetsa mayi aja zithunzi za nyale za galasi za m'mizikiti ya ku Cairo za nthawi ya mafumu a Mamluk, monga zimene zinapangidwira mzikiti wa Sultan Hasan, womangidwa pakati pa 1356 ndi 1363. Zili ndi mimba yobulungira, khosi lotambasuka ngati duwa, ndi timakutu tomangirira maunyolo. Pakhosi ndi pamimba pali zilembo zachiarabu za mtundu wabuluu ndi wagolide.

Iwo anakopeka ndi zilembozo. "Timizere iti n'tokongola bwanji. Simungatijambulire tomwe pa magalasi athu?"

Ndinakana. Ndinawafotokozera kuti imeneyo si mizere yokongoletsa chabe. Pa nyale zambiri zotere, zolembedwa pakhosi ndi ndime ya Kurani ya kuwala, ndime 35 ya sura 24, ndipo zapamimba nthawi zambiri ndi dzina ndi maudindo a mfumu kapena nduna imene inapereka nyaleyo. Kutenga mawu opatulika a anthu ena n'kuwapachika ngati maluwa mu holo imene si yawo, mwinanso kuwalemba mozondoka chifukwa wojambula sadziwa kuwerenga, kumeneko n'kuputa mkwiyo wa owerenga omwe amayiwo ankafuna kuwalandira. Safunsa anadya phula. Anafunsanso ngati tingapeke zilembo zongofanana nazo zopanda tanthauzo, ndipo ndinati zimenezo zikuposanso kuipa. Sanasangalale tsiku limenelo, koma patatha sabata anavomera. Lamulo limene tinagwirizana linali lakuti palibe mawu, palibe mtanda, palibe chizindikiro cha chipembedzo chilichonse. Tidzatenga kapangidwe ndi kapachikidwe basi.

Kuchokera ku nyale za ku Cairo ndinatenga chinthu chimodzi chimene sichioneka bwino pa zithunzi. Galasi lalikululo silinkadzazidwa mafuta. Mkati munkakhala kambiya kakang'ono ka madzi ndi mafuta oyandama pamwamba, ndipo lawi linkaunikira galasi lakunja kuchokera mkati. Ife tinachita chimodzimodzi: kachubu ka galasi loyera ngati mkaka kobisa LED, ndipo kunja kwake galasi loonekera la mtundu wa uchi wopepuka. Diso siliona kadontho kothobwa, limaona galasi lonse likuyaka.

Chimene tinapanga

Mikombero itatu ya mkuwa, uliwonse wotambalala mamita 2.4, yondandalikana pakati pa holo. Mkombero uliwonse umanyamula magalasi 24 otalika masentimita 16, lililonse likutulutsa ma lumen 400 (lumen ndi muyeso wa kuwala kotuluka m'nyale). Tinaipachika mamita 2.6 kuchokera pansi. Pa kutalika kumeneku tinakangana ndi a zamagetsi, amene ankafuna mamita 4 kuti "zioneke bwino". Tinadula mkombero wa katoni, tinaukweza ndi kuutsitsa ndi chingwe iwo ataima pakhomo, ndipo pa mamita 4 unangotayika m'danga ngati chinthu choiwalika. Pa 2.6 holo inasintha maonekedwe nthawi yomweyo.

Magalasi okha sakanakwanitsa kuwala kowerengera, chifukwa gawo lalikulu la kuwala kwawo limapita m'mbali ndi m'mwamba. Apa sindinachite manyazi kubera. Kunsi kwa mkombero tinasema ngalande yakuya masentimita 3, n'kuikamo lamba wa LED woyang'ana pansi, wa mamita pafupifupi 7.5 pa mkombero uliwonse, wokhala pa chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha. Munthu ataima chapatali sauona, amaganiza kuti kuwala konse kukuchokera m'magalasi. Lamba ndi magalasi zili pa maswichi osiyana. Masana ndi nthawi yowerenga zonse zimayaka. Madzulo a zokambirana lamba amazima, magalasi okha n'kutsala.

Mtundu wa kuwala tinasankha 2700K, kuwala kofunda kwachikasu pang'ono (nambala ya K ikamatsika, kuwala kumafiira), ndi CRI yoposa 90 (muyeso wa mmene nyale imaonetsera mitundu yeniyeni ya zinthu) kuti mapepala ndi nkhope za anthu zisaoneke zotuwa. Ma LED a m'magalasi ndi aja amene ukamawachepetsa mphamvu amafiira pang'onopang'ono mpaka pafupifupi 2000K, kuyandikira mtundu wa lawi la kandulo. LED wamba ukaichepetsa imangofooka mtundu osasintha, ndipo chipinda chimaoneka ngati kukubwera mvula.

Mkuwa sitinaupake vanishi. Udzada pang'onopang'ono, ndipo amayi aja ndinawachenjeza kuti asadzandiimbire foni pa nkhani imeneyo.

Kupachika

Mkombero umodzi wokhala ndi magalasi ake onse unalemera makilogalamu 38. Pulasitala ya kudenga siingadaliridwe pa katundu wotere, choncho injiniya anakwera pamwamba n'kutisonyeza mitengo ya denga yoyenera, ndipo tinamangirira mbale zachitsulo ndi mabawuti opyoza mtengo. Mkombero uliwonse uli pa nthambo zitatu zachitsulo. Ena amakonda zinayi, koma zinayi nthawi zonse imodzi imakhala yolema osanyamula kanthu, pomwe zitatu zimagawana katundu zokha ndipo kuwongola n'kosavuta.

Poyamba nthambo zitatuzo ndinazikumanitsa pa mbedza imodzi pamwamba, monga zimakhalira m'mizikiti. Mmawa mwake tinapeza mkombero wapakati utatembenuka pang'ono, n'kukoka waya wa magetsi. Nthambo yopota ikasenza katundu imafuna kumasuka, ndiye mkombero unkazungulira nayo. Tinasiyanitsa malo omangirira kudenga, atatu pa mkombero uliwonse, ndipo vutolo linatha. Maonekedwe anasinthako, nthambo zikutsika pafupifupi mowongoka m'malo mopanga nsonga, ndipo kunena zoona nsonga ija ndimaisirirabe.

Vuto lachiwiri linali kuphethira. Titachepetsa mphamvu kufika pansi, magalasi anayamba kunjenjemera kuwala, ndipo ma driver, timabokosi topereka magetsi ku ma LED, ankalira ngati udzudzu. Maso ena sankaona, koma titajambula ndi foni kanema woyenda pang'onopang'ono, mizere yakuda inkayenda poyera. Wotigulitsa anali atatsimikiza kuti ma driver ake amagwirizana ndi swichi yochepetsera imene inalipo kale, yodula mphamvu ya magetsi olowa. Sizinali zoona. Tinawabweza n'kuika ena olamulidwa ndi waya wapadera wa DALI wouza nyale kuchuluka kwa kuwala kofunika, ndipo tinawaika m'bokosi pa khonde lam'mwamba kuti akadzawonongeka munthu asadzafune nsanja. Izi zinatidyera milungu itatu.

Zotsatira

Zonse zikayaka, tebulo la pansi pa mkombero limalandira ma lux 480 mpaka 520. Matebulo a m'mbali mwa khoma amalandira 310, ndipo awiri a m'makona tinawaikira nyale za pa tebulo, chifukwa kuwonjezera mphamvu ya mikombero kuti ifike kumeneko kukanawononga kachisisira ka kudenga. Mthunzi wa mutu pa buku unatha, popeza kuwala kumachokera mbali zonse za mkombero. Denga limalandira kuwala pang'ono chabe kochokera pakamwa pa magalasi, kokwanira kuonetsa kupindika kwake osaonetsa ming'alu.

Madzulo oyamba a zokambirana ndinakhala kumbuyo n'kumaonerera. Lamba atazima, anthu amene anabalalika m'mipando ya m'mbali anayamba kukokera mipando yawo pansi pa mikombero popanda wowauza. Bambo wina wachikulire atalowa anavula chipewa pakhomo, anayang'ana uku ndi uku, kenako anachivalanso mwamanyazi.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi

Nditabwerera kukayendera, ndinapeza zinthu ziwiri.

Choyamba ndi fumbi. Khosi lotambasuka la galasi ndi mbale yolandirira chilichonse chogwa kuchokera kumwamba. M'magalasi ambiri munali fumbi ndi tizilombo takufa, tooneka bwino lomwe nyale ikayaka, ndipo akangaude anali atayala ukonde pakati pa nthambo ndi mkombero. Vutoli si lachilendo. Mu Süleymaniye ankapachika mazira a nthiwatiwa pakati pa nyale pokhulupirira kuti amathamangitsa akangaude, ndipo Sinan anakonza kuti mpweya uzikokera mwaye wa nyale m'kachipinda ka pamwamba pa khomo, komwe ankautola n'kupangira inki. Iwo anaganizira za utsi ndi akangaude asanayatse nyale yoyamba. Ine ndinaganizira za ma lumen okha. Tadula timagalasi tozungulira toonekera toti tikhale mkati mwa khosi ngati chivundikiro, tosiya mpata wa mamilimita 3 m'mbali kuti kutentha kuzituluka. Tinayesa pa magalasi anayi kwa maola asanu ndi atatu, kutentha kwa LED kunakwera madigiri 6, zomwe zili mkati mwa malire a wopanga. Ubwino wa kupachika pansi waonekeranso apa: wosamalira holo amafikira magalasi onse 72 ndi makwerero aafupi, ndipo galasi limodzi limene linasweka analisintha yekha.

Chachiwiri ndi khonde lija. Pojambula mapulani ndinkaganiza za munthu woima pansi. Koma bungwe laika matebulo anayi pa khonde la kwaya, ndipo wokhala pamenepo amayang'ana mikombero kuchokera pamwamba. Chimene amaona ndi mawaya, timabokosi tolumikizira, ndi pakamwa pa magalasi 72 pakumuwalira m'maso. Mayi aja anandikweza pamenepo okha, anandikhazika pampando, osanena kanthu. Tikupanga zivundikiro zamkuwa zopyapyala zobisa mawaya pamwamba pa mkombero, zigawo zisanu ndi chimodzi pa mkombero uliwonse kuti zizichotseka, ndipo zidzawonjezera makilogalamu 4, zomwe injiniya wavomereza. Timagalasi ta m'khosi ta mkombero woyandikana ndi khonde tidzakhala toyera ngati mkaka m'malo mwa toonekera. Izi zichepetsa kuwala kofika kudenga mbali imeneyo, ndipo tikayeza tikadzamaliza kuika mwezi wamawa kuti tione ngati mbali ziwiri za denga sizisiyana kwambiri.